Thanki Yaikulu ya a Kaye

Dzina lawo lenileni linatsalira pa laisensi yoyendetsera galimoto. Anthu onse a mumsewu umene ankakhala ankangowatchula kuti a Kaye, chifukwa liwu limeneli silinkachoka pakamwa pawo. Ukawaitana kuti chakudya chapsa, ankati apukute kaye masipanala. Ukawapempha kuti akuthamangitsire wodwala kuchipatala, ankavomera ndi mtima wonse, koma ankayamba azungulira kaye galimoto, kumenya tayala lililonse ndi phazi, kutsegula boneti n'kuyeza oilo, uku wodwalayo akubuula pampando. Anthu ankanyinyirika, koma mawa lake ankagogodanso pakhomo lomwelo, pakuti galimoto ya a Kaye sinagonepo panjira. Sanali munthu waulesi, sanalinso wouma mtima. Anali munthu woopa kuchita manyazi pakati pa ulendo, ndipo mantha amenewo iwo ankawatcha kusamala.

Mphamvu zawo zonse anazithera pa kampani yokumba zitsime za mijigo. Ntchito yawo inali kutsogola ndi galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, atanyamula akatswiri oyeza pamene pali madzi, chilole cha makina chikukwawa pambuyo. Anayenda m'malo amene msewu wake ndi mapazi a ng'ombe basi. Kampani itatseka, mabwana anawasiyira galimotoyo ngati chowatsanzikira, popeza panalibenso wina woifuna. Inali yakale ndithu, yobiriwira mofwifwa, zitseko zake zofuna kumenyetsa kuti zitseke. Inkamwa petulo ngati chidakwa cha pakutha pa mwezi, pamene thanki yake inali kanthu kakang'ono kochititsa chisoni.

Ku ntchito kuja anatolako malamulo awiri amene sankakambirana ndi munthu. Loyamba linali lakuti chigubu cha petulo sichikwera galimoto imodzi ndi anthu. Anaona ndi maso awo mnzawo akupsa miyendo yonse, chigubu chitadontha pansi pa mpando wina n'kuyatsa fodya, ndipo fungo la tsiku limenelo silinawachoke m'mphuno. Lachiwiri linali lakuti petulo wa m'mabotolo wogulitsa m'mbali mwa msewu salowa m'thanki yawo, chifukwa anyamata ake amathiramo palafini, ena madzi enieni. Ukafuna kudana ndi a Kaye, unkangotchula chigubu.

Akazi awo anali telala. Makina awo opalasa ndi mapazi ankakhala pakhonde, pafupi ndi zenera la kuchipinda, ndipo ankalira kuyambira m'mawa: mayunifomu a ana asukulu, kupinda mathalauza, kusintha zipi zakufa. Anali mayi wa pakamwa pothwa koma posapweteka, wotha kukuyeza m'chiuno ndi maso okha n'kukuuza kuti wanenepa. Dzina la Kaye analiyambitsa ndi iwowo. Ankauza makasitomala awo kuti, "Abambo awa, tsiku londifunsira ine ndinavomera, iwo n'kunena kuti aganize kaye." Anabereka mwana mmodzi yekha wamkazi, amene tsopano ankagwira ntchito m'sitolo ya zomangira nyumba ndipo ankabwera kudzawaona pa masiku opuma.

Matenda anayamba ngati nthabwala. Tsiku lina mayiwo anasoka mkono wa malaya n'kuutseka kumapeto, mwini malaya povala dzanja osatuluka, ndipo onse anaseka mpaka misozi. Kenako sizasi inapezeka mu mphika wa madzi akumwa. Kenako anadula nsalu ya diresi la munthu kawiri, ataiwala kuti adula kale. Apa kuseka kunatha. Adokotala atawafunsa mafunso ambirimbiri, anaitanira a Kaye pambali n'kuwauza kuti ndi matenda oiwala, ndipo sabwerera m'mbuyo. Anawonjezera kuti ngati pali abale amene mayiwo akufuna kucheza nawo akuwadziwa, asachedwe.

Mayiwo sanachite kuuzidwa. M'mawa wina mutu uli bwino, anasiya kupalasa makina n'kuitana amuna awo amene ankatsuka galasi la galimoto.

"Bambo ake, tabwerani mukhale apa."

"Ndimalize kaye galasili."

"Galasi silithawa. Ine ndi amene ndikuthawa." A Kaye anasiya kansanza kaja n'kukhala pampando wa makasitomala. "Ndikudziwa zimene zikundichitikira. Dzulo ndinayang'ana bobini nthawi yaitali osadziwa kuti imalowa pati. Mundiperekeze kwa Kachitsa mutu wanga usanatseke. Ndikamuone, andione, tikaseke za kale. Ndikupemphani chimenechi chokha."

Kachitsa anali mng'ono wawo, yekhayo wotsala wa bere limodzi, ndipo dzinalo anam'patsa ali mwana chifukwa chofupika. Anakwatiwa kutali kuseri kwa mapiri, ndipo chithyokereni fupa la m'chiuno sankatha kukwera chilichonse choyenda. Basi sinkafika kumeneko. Malo omaliza omwetsera mafuta anali pamene phula limathera, ndipo kuchokera apo kupita ndi kubwerera, kathanki ka a Kaye sikakanakwanitsa. Iwo ankaidziwa bwino njirayo, anaiyendapo ndi kampani.

"Tipita, mayi ake," anatero a Kaye. "Ndalumbira tipita. Koma ndiike kaye thanki yaikulu."

Mayiwo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anabwerera ku makina awo. Nyengo imeneyo inali yachilimwe, misewu ili gwa, mitsinje itaphwa.

Thanki anaipeza kumalo ogulitsa zitsulo za magalimoto akufa, itagona mu udzu pambali pa kalole kogubuduzika. Inali yaikulu kuposa yawo kawiri, penti yake ikadali yonyezimira. Anainyamula kupita nayo kwa wowotcherera wina wa kuseri kwa msika, amene anthu ankamutcha Magalasi chifukwa magalasi akuda otetezera maso sankawachotsa pamphumi ngakhale pakudya. Shedi yake inali ya malata anayi ndi mthunzi wa mtengo, pansi pali zidutswa za zitsulo ndi dothi lakuda ndi oilo.

Magalasi anaiyang'ana thankiyo, n'kusuzumira pansi pa galimoto, n'kudzikanda m'mutu. "Madala, ulendo wake ndi umodzi wokha eti? Bwanji osangomanga zigubu ziwiri kumbuyoku ndi chingwe chabwino, n'kunyamuka mawa?"

"Iwe wotcherera. Za zigubu undisiyire."

"Nanga padenga?"

"Dzuwa limeneli, msewu umenewo, petulo ali pamutu pa akazi anga? Wayamba misala?"

Magalasi anangokweza mapewa. Ntchito inayamba ndi kutsuka, chifukwa thanki imene inakhalapo ndi petulo siyandikira moto wowotcherera isanathe fungo, apo ayi imaphulika n'kutenga mutu wa munthu. Anaithira madzi a sopo, kuikhutchumula, kutaya, kuiyanika padzuwa. Magalasi ananunkhiza pakamwa pake n'kunena kuti yatha. A Kaye ananunkhiza nawo n'kunena kuti iumenso kaye. Pamenepa sitingawanene, ankanena zoona. Chovuta n'chakuti a Kaye ankanena zoona pa chilichonse, ndipo choona chilichonse chinkadya masiku ake.

Poikweza pansi pa galimoto, thanki inakana kulowa. Ngodya yake inkagunda chimphika cha magiya chimene chimakhala pakati pa matayala akumbuyo. Anaitsitsa, kudula ngodyayo, kuwotcherera chigamba. Itakwera bwino, inalanda malo a tayala lapadera limene linkalendewera pansi pomwepo, choncho tayalalo linalowa m'kati mwa galimoto, ndipo mpando umodzi wakumbuyo unachotsedwa kuti lipeze pokhala. Atatha zimenezo anaona kuti paipi ya utsi ikudutsa pafupi kwambiri ndi thanki, chala chokha n'chimene chinkalowa pakati. Paipi yotentha pambali pa petulo, a Kaye sakanalola ngakhale utawaopseza ndi mpeni. Anaichotsa n'kupita nayo kwa wopinda mapaipi, amene anali atapita kumaliro kwawo.

Madzulo aliwonse ankabwerera kunyumba wapansi, ovololo yakuda, zikhadabo zodzaza girizi. Ankapeza akazi awo pakhonde, kachikwama ka ulendo kali pamiyendo.

"Yatha, bambo ake?"

"Yatsala pang'ono."

"Dzulonso inatsala pang'ono."

"Kuthamanga si kufika, mayi ake."

"Nanga kukhala ndiye kufika?" Ankatero mayiwo n'kuseka, kuseka kwake kosafika m'maso.

Tsiku loiyesa koyamba, galimoto inalira bwinobwino, n'kuyenda mpaka pa geti la msika, kenako inatsokomola n'kuzima. Magalasi atamasula sefa ya mafuta anapeza yadzaza matope ofiira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: thanki yonyezimira ija m'kati mwake munali dzimbiri lokhalokha. A Kaye anaitsitsanso, ulendo uno anainyamulira kunyumba pa wilibala. Njira yochotsera dzimbiri ankaidziwa kuyambira ku kampani, kuthiramo timiyala ta khwale ndi madzi n'kumaigubuduza mpaka timiyalato titapala m'kati monse.

Anaigubuduza pabwalo la nyumba, phokoso lake mpaka agalu a anansi kuuwa. Mayi aja anatsika pakhonde n'kuima mbali ina. Iwo akaikankha, mayiwo ankaibweza ndi phazi, akuseka ngati kamtsikana, nsalu atamanga m'chiuno. A Kaye anasekanso tsiku limenelo, ndipo mumtima anati mwina adokotala anakokomeza. Kenako thanki inagubuduzika n'kukaima pa mapazi a mayiwo, iwo osaibweza. Anaiyang'ana modabwa.

"Kodi mgolo umenewu ndi wa ndani?"

"Ndi thanki yathu, mayi ake. Ya ulendo wa kwa Kachitsa."

"Oo, kwa Kachitsa. Tikupita lero?"

"Posachedwa."

Mayiwo anagwedeza mutu n'kubwerera pakhonde, ndipo a Kaye anapitiriza kuigubuduza okha, kuikankha n'kuitsatira.

Mwana wawo wamkazi atabwera n'kupeza galimoto ilibe thanki iliyonse, yakale ili m'khitchini yatsopano ili pabwalo, anapsa mtima. Anawakokera bambo ake kuseri kwa nyumba kuti mayi ake asamve.

"Ababa, mukuchita chiyani kwenikweni? Amayi lero andifunsa kawiri ngati ndinamaliza sukulu. Bwezerani kathanki kakale, ine ndikagula zigubu zatsopano zotseka bwino, tikulunge ndi masaka onyowa, tinyamuke."

"Sunaone munthu akupsa iwe."

"Ndiye tikagule wa m'mabotolo pobwerera. Injini ikafuna kufa, ingofa."

"Ikafera pakati pa thengo? Ine n'kuyenda wapansi kukafuna thandizo, amayi ako n'kuwasiya okha m'galimoto? Pobwera ndikawapeza kuti? Sabata yatha anatuluka pageti kuti akukagula ulusi, ndinakawapeza kuseri kwa chigayo atasowa njira ya kwawo. Ukufuna asochere m'mapiri?"

Mtsikanayo nayenso anaona kuti mawuwo ali ndi mutu. Komabe anati, misozi ikulengeza, "Ndionetsetse anathetsa nkhosa, ababa. Mudzamaliza thanki yanu, koma wokwera adzakhala atatsika kale."

A Kaye anamukalipira kuti mwana salankhula choncho kwa bambo ake, ndipo iye anatenga chikwama chake n'kupita osadya. Mawuwo anawalasa, koma m'mawa mwake anadzuka n'kukankhanso wilibala kupita kwa Magalasi. Zoona zake, zimene sakanauza munthu, n'zakuti pansi pa galimoto paja m'pamene mtima wawo unkapuma. Pamenepo chilichonse chovuta chinali ndi bawuti yake ndi sipanala yake. M'nyumba munalibe chomanga kapena chomasula. Munali mkazi amene anakhala naye moyo wonse akuchoka pang'onopang'ono ali chikhalire pampando, ndipo a Kaye ankaopa kumuyang'ana. Ankagona chagada pa katoni pansi pa galimoto n'kumadziuza kuti akuchitira iyeyo.

Thanki itayera m'kati, timiyala tija tinali titaboola kachiboo pamene dzimbiri linadya kwambiri. Atathiramo madzi kuti ayese, kadontho kanatuluka pa msoko. Magalasi anati angomata ndi sopo wa mtanda monga amachitira madalaivala a malole, akafika ndi kubwerera bwinobwino. A Kaye anati sopo ndi wosambira. Anaitsukanso, kuiyanika, kuwotcherera. Itakwera, geji ya mafuta inayamba kunama. Kachoyandama ka mu thanki yakale kanali ndi kamkono kakafupi, sikankafika pansi pa yatsopanoyi, ndiye singano inkaloza kuti mafuta atha pamene thanki ili pakatikati.

"Madala, izi ndiye zazing'ono," anatero Magalasi. "Inu mukudziwa kuti ikati atha ndiye kuti alipo. Kapena semani kandodo, muzipisa m'thankimo."

"Geji yonama ndi yoipa kuposa kusakhala nayo."

Anatumiza uthenga kwa mnzawo wa kutauni ina kuti awafunire choyandama cha kamkono kakatali. Chinafika mochedwa, ndipo chitafika, anaona kuti thanki ikadzaza, kumbuyo kwa galimoto kukutitimira chifukwa masipuling'i anali okalamba. Anayamba kufunafuna tsamba lina la sipuling'i lowonjezera mbali iliyonse. Kumwamba mitambo inali itayamba kusonkhana masana, ndipo Magalasi ankaiyang'ana n'kuyang'ana a Kaye.

Galimoto inatha kukonzedwa tsiku la mvula yachiwiri. Inaima pabwalo itadzuka bwino kumbuyo, geji ikunena zoona, pansi popanda kadontho. Mawa lake mwana wa Kachitsa anaimba foni kuchokera pa kaphiri kamene amakwera akafuna netiweki. Anati mtsinje wadzaza, kamlatho kamitengo kapita ndi madzi, ndipo palibe galimoto ingadutse mpaka mvula itatha. A Kaye anayamika chifukwa chowadziwitsa, anaika foni m'thumba, n'kukhala pa sitepe ya galimoto yawo mvula ikuwavumba.

Dzinja limenelo linali lalitali. Makasitomala anasiya kubwera mmodzimmodzi, mwaulemu, ena akunamizira kuti nsalu sanagule. Makina anawalowetsa m'nyumba n'kuwafunditsa chinsalu. Poyamba mayi aja ankadzukabe m'mawa uliwonse, kuvala diresi lawo labuluu, kutenga kachikwama kaja n'kukakhala pampando wakutsogolo wa galimoto, mvula ikumenya galasi. A Kaye ankawatengera tiyi komweko n'kukhala nawo pa chiwongolero, kuwafotokozera za mtsinje. Mayiwo ankamvetsa, n'kuiwala, n'kufunsanso. Kenako anayamba kutenga kachikwamako osadziwa kopita nako, ankangoyenda nako m'nyumba, kuchipinda, kukhitchini, kuchipinda. Kenako anakasiya pansi pa bedi. A Kaye anazindikira m'mawa wina akuwamanga mabatani a juzi kuti papita nthawi osamva dzina la Kachitsa m'nyumbamo. Funso limene linkawatopetsa lija analilakalaka, koma silinabwerenso.

Anaphunzira kuphika, kuchapa, kupesa tsitsi la munthu wina. Anaika loko pageti. Mwana wawo ankabwera, kuwasambitsa mayi ake, kusesa m'nyumba, koma galimoto ankailambalala osaiyang'ana. Bambo ndi mwana ankalankhulana za mankhwala ndi za sopo basi.

Mvula itatha, anthu a kumapiri anamanganso kamlatho kawo, ndipo foni inalira kuti njira yatseguka. Ulendo uno a Kaye sanazungulire galimoto, sanamenye tayala ndi phazi. Anawaveka akazi awo diresi labuluu lija, limene tsopano linkawakhwepa, anawakweza n'kuwamanga lamba. Mwana wawo anakanizidwa tchuthi kuntchito, anangobwera kudzawatsanzika pageti n'kuika botolo la madzi pamiyendo ya mayi ake.

Pamalo omwetsera mafuta pamene phula limathera, wothira petulo anathira, n'kuthira, kenako anasiya n'kugwada kusuzumira pansi pa galimoto.

"Achikulire, sikutayika pansi imeneyi?"

"Thira, mphwanga. Ndi thanki yaikulu."

"Ha! Ndiye mwamanga chitsimetu. Imeneyi mukhoza kuzungulira dziko lonse osaima."

A Kaye anamva kukoma pang'ono, n'kutembenuka kuti aone ngati akazi awo amva. Mayiwo ankayang'ana ntchentche imene inkayenda pagalasi.

Galimoto inayenda mokoma kuposa kale lonse, ndipo zimenezi zinawapweteka. Inakwera zitunda za miyala osatsokomola, inadutsa mchenga wa m'madambo, inawoloka kamlatho katsopano mitengo ikulira pansi. Thanki sinagunde mwala, paipi ya utsi sinaiyandikire, singano ya geji inkatsika pang'onopang'ono monga mwa chilungamo chake. A Kaye ankalankhula okha njira yonse, kuloza pamene anakumbapo chitsime, pamene chilole cha kampani chinatitimirapo. Mayiwo anagwira chogwirira cha patsogolo ndi manja awiri. Pena ankasisita msoko wa nsalu ya pampando ndi chala, kuutsatira mpaka kumapeto n'kuyambiranso.

Anafika dzuwa litapendeka. Nyumba inali ya njerwa zosapaka pulasitala, yofolera malata, patsogolo pali khola la mbuzi. Mwana wa Kachitsa anali atawatulutsa mayi ake n'kuwakhazika pampando wa ndalema pakhomo, miyendo itafunditsidwa bulangeti. Anali nkhalamba yaing'ono ya imvi mbuu, masaya olowa m'kati, ndipo itangoona galimoto inayamba kuwomba m'manja n'kulira.

"Akulu anga! Akulu anga mwabwera!"

A Kaye anawatsitsa akazi awo n'kuwagwira dzanja mpaka pakhomo. Kachitsa anatambasula manja onse awiri, akuyesa kudzuka osatha. Mayi aja anaima patali pang'ono, anapinda maondo mwaulemu n'kupereka dzanja limodzi, linalo litagwira pachigongono.

"Muli bwanji, agogo?"

"Akulu, ndine! Ndine Kachitsa!"

Dzinalo linawagwedeza. Nkhope yawo inawala, anasuzumira m'nyumba kudutsa paphewa la nkhalambayo, n'kuyang'ananso kukhola. "Eya, ndi amene ndikumufuna. Ndi mng'ono wanga, kamtsikana kakafupi, kothamanga kwambiri. Mwamutuma kumadzi?"

"Ndine amene, akulu. Tayang'anani chipsera ichi, munanditema ndi khasu tikulima kudimba kwa amayi. Mwaiwala? Munandibereka kumsana mpaka kunyumba mukulira kuposa ine."

Mayiwo anayang'ana chipsera cha padzanjapo mwachifundo. "Pepani, agogo. Zinapweteka eti?"

Kachitsa anagwira kumaso ndi bulangeti. Mwana wake anabweretsa mipando, ndipo anakhala pamenepo nthawi ndithu. Nkhalambayo inayesa zonse. Inatchula mayina a makolo awo, a ng'ombe zimene ankaweta, a aphunzitsi amene ankawakwapula. Inayamba kanyimbo ka paubwana. Mayi aja anamvetsera mwaulemu wonse monga mlendo wolandiridwa bwino, akumwetulira pamene pakufunika kumwetulira, maso ali kunjira ya kumadzi. Pomaliza Kachitsa anatopa. Anatembenukira kwa a Kaye, ndipo sanakalipe, n'chimene chinapweteka kwambiri.

"Alamu, chilimwe chatha munandiuza kuti mukubwera. Ndinkawauza ana kuti anditulutse pakhomo pano tsiku ndi tsiku. Munachedwa kuti?"

A Kaye anatsegula pakamwa. Zifukwa zinalipo, zonse zoona, dzimbiri, paipi, geji, masipuling'i, ndipo anaona kuti palibe ngakhale chimodzi chimene angachitchule pamaso pa nkhalambayo. Anangoyang'ana zikhadabo zawo.

"Ndinkakonza galimoto, alamu."

Kachitsa anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kuyang'ana galimoto ija itaima pamthunzi, yodzuka bwino kumbuyo.

Mayi aja anali atayamba kutekeseka. Anadzuka, anakonza diresi lawo, anathokoza agogowo chifukwa cha mpando, n'kuyenda okha kupita kugalimoto. Anatsegula chitseko n'kukhala pamalo pawo. A Kaye anawatsatira n'kuima pazenera.

"Mayi ake, tsikani. Tafika. Tigona konkuno."

Mayiwo anawayang'ana bwinobwino, kuyambira chipewa mpaka manja akuda ndi girizi wosachoka, ndipo anawalankhula mofatsa, ndi mawu amene ankalankhulira anthu obwera kudzagwira ntchito pakhomo.

"A dalaivala, musakhumudwe, koma mwandibweretsa pakhomo polakwika. Agogo awa ndi abwino, koma si kwa mng'ono wanga pano. Tiyeni tipite patsogolo, tizikafunsa m'makomomo. Amuna anga akanakhalapo akanakulozerani, amaidziwa njira, kungoti atanganidwa." Anaima pang'ono, nkhawa itawagwira. "Kapena mafuta atha?"

A Kaye anagwira chitseko. Kumbuyo kwawo Kachitsa ankalira chapansipansi, mbuzi zikulowa m'khola. A Kaye anasuzumira pa geji, ngakhale yankho ankalidziwa. Singano inali isanafike n'komwe pakati.

"Alipo, mayi," anatero. "Mafuta alipo ambiri."